Bambo, Musawotche Kope Lija

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga bondo lija likukulolani kuyendako? Amayi chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino, ndipo ntchito ndinayambiranso masabata awiri apitawa. Makina ndikusokera ndithu, koma kawiri konse ndalumikiza mkono wa malaya chozondoka, mpaka abwana anandiuza kuti ndituluke kaye ndikapitidwe mphepo.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni simukubwera. Amayi akafuna kukupatsirani mumati anene kuti mwachoka, chonsecho ndimakumvani mukutsokomola pambali pawo pomwepo. Sindikukuimbani mlandu. Inenso nditamva mawu anu ndikhoza kungolira, nkhani osatha. Papepala ndikutha kuima, kupukuta m'maso, n'kupitiriza.

Amayi andiuza zonse. Akuti chitsegulireni chikwama cha mlongo wanga, chija ndinabwera nacho pa maliro, chakudya mukungochiyang'ana. Akuti munapezamo kope lakuda long'ambika chikuto, ndipo poti zambiri analemba m'Chingerezi, munaitana bambo aang'ono kuti akuwerengereni. Iwo anavala magalasi awo n'kuyamba kumasulira tsamba ndi tsamba: apa walemba kulephera, apa kulephera, apanso kulephera. Apa walemba za kunyamula wakufa, apa za kudzicheka, apa za kuphwanya chigaza. Atatero anatseka kopelo n'kunena kuti mwanayu lole ija sinamugunde mwangozi, anachita kuitsata yekha. Akutinso kopelo liwotchedwe lisanalowetse minyama m'nyumba.

Bambo, nditamva zimenezi ndinakhala pansi. Ndakhala naye zaka zinayi m'chipinda chimodzi chogawa ndi nsalu, iye uko ine uku. Ndinkamuona akulemba m'kopemo akachoka konyamula zitsulo, koma sindinamufunsepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkangoti ndi za anyamata. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndalidya zaka zinayi. Choncho nanenso ndinayamba kukayika. Ndinkadzifunsa ngati mwana wa amayi anga ankavutika kuseri kwa nsalu ija, ine n'kumayesa kuti akupuma.

Ndinapempha mng'ono wanga kuti ajambule masamba onse ndi foni anditumizire. Loweruka linalo masana ndinapita nawo kujimu, komwe ankanyamulira zitsuloko. Ndinali ndisanapondeko. Ndi nyumba yakale yosungiramo katundu, kuseri kwa shopu ya matayala. Ukangolowa umalandiridwa ndi fungo la thukuta ndi dzimbiri. Pansi anayala mphira, kukhoma kuli magalasi aakulu atatu, limodzi losweka pakona, ndipo wailesi imalira ngati ikulimbana ndi munthu. Munali amuna mwina khumi, adzitho okhaokha. Atandiona, wina anathamanga kukazimitsa wailesi, onse n'kutula zitsulo pansi. Anandizindikira. Ndi omwe aja ananyamula bokosi kulikweza m'galimoto kuno, ine m'maso muli misozi osawaona bwino nkhope.

Mwini malowo amangomutcha a Kochi. Ndi bambo wa msinkhu wanu, ndevu zaimvi, chifuwa ngati mgolo, koma amayenda motsimphina. Anandipukutira benchi ndi thaulo kuti ndikhalepo. Mwana wanu kumeneko samudziwa ndi dzina limene munamupatsa, amamutcha Njanji. Akuti chifukwa msana wake sunkapindika ngakhale chitsulo chilemere bwanji.

Ndinawapatsa foni. Ndinawafotokozera zimene bambo aang'ono anamasulira, osabisa kanthu. A Kochi anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka mapewa kugwedezeka, kenako kusekako kunasanduka kwina, anadziphimba kumaso ndi thaulo lija.

Anayamba ndi manambala amene ali mbali yakumanzere kwa tsamba lililonse. Akuti munthu akakweza chitsulo kamodzi n'kuchitsitsa, imeneyo ndi repu. Akachita marepu angapo motsatizana n'kupuma, imeneyo ndi seti. Choncho pamene palembedwa folo ndi teni, ndiye kuti anakweza kakhumi, n'kupuma, n'kubwereza mpaka kanayi. Nambala inayo ndi kulemera kwa chitsulo. Basitu. Kope lonselo ndi la zimenezi, monga mmene inu munkalembera mizere ya njerwa imene mwayala patsiku.

Ndiye ndinaloza mawu aja akukusowetsani tulo, amene bambo aang'ono akuti kulephera. Kumeneko amati feliya. A Kochi anatola kachitsulo kakang'ono, kaja amayambira ongobwera kumene, n'kundigwiritsa m'dzanja. Anati ndizikakweza mpaka paphewa n'kukatsitsa, ndisasiye mpaka iwo anene. Zisanu zoyamba ndinkachita kuseka. Pofika khumi mkono unayamba kutentha. Pa khumi ndi zinayi kachitsulo kanaima pakati, osakwera osatsika. Mtima ukufuna, mano ndaluma, koma mkono wakana.

Apo ndi pamene anayankhula. “Imeneyo ndiye feliya, mayi. Ifetu timaisaka tsiku ndi tsiku. Waulesi saifika, amatula chitsulo akadali ndi mphamvu. Mnofu umakula pokhapokha waufikitsa pamene wakanapo. Njanji akalemba mawu amenewa ndiye kuti tsikulo wapereka zonse.”

Bambo, mwamva? Mawu amene mukuwawerenga ngati kulira, iye ankawalemba monyada. Nditabwerera kunyumba ndinayang'ana madeti. Pali tsamba lina pamene analemba feliya katatu, n'kudula mzere kunsi kwake. Tsiku limenelo ndikulikumbuka bwino chifukwa linali lobadwa ine. Anabwera akuimba, anandilanda mbale zonse n'kutsuka yekha, mikono ikunjenjemera mpaka anaswa kapu yanga yamaluwa. Ndinamukalipira, iye akungoseka, akuti manja si ake lero. Munthu wosweka mtima saimba choncho.

Za kunyamula wakufa zija, amati dedilifiti. Mulibe maliro m'menemo. Ndi kudzutsa chitsulo chimene chagona pansi osagwedezeka, n'kuimirira nacho mpaka msana uwongoke, monga mmene munkadzutsira thumba la simenti. Akuti chakufa chifukwa chimangokhala chili gone, sichikuthandiza ndi pang'ono pomwe. Pamenepa ndiye panali pake pa mwana wanu. Kukhoma kuli bolodi lolembapo ndi choko, ndipo dzina loti Njanji lili pamwamba penipeni, pambali pake makilo 220. Palibe amene wafikapo, ndipo a Kochi akuti choko chimenecho sichifufutidwa iwo ali moyo.

Za kuphwanya chigaza zinandiseketsa ngakhale ndinali m'misozi. Munthu amagona chagada pabenchi n'kumatsitsa chitsulo chakumphumi kwake, pofuna kulimbitsa kumbuyo kwa mikono. Dzina lokha ndiye loopsa. A Kochi akuti pa zaka makumi awiri palibe anaphwanyapo chigaza pamalo pawo, kupatula kalaliki wina amene anagulula dzino chifukwa choyang'ana foni.

Tsopano za kudzicheka. Pamenepa mlandu ndi wanga, chifukwa nkhaniyi ndinkaidziwa koma mawu ake ndiye sindinkawadziwa. Amati katingi. Mukukumbuka chithunzi chomaliza chimene ndinatumiza, chija Amayi anadandaula kuti masaya alowa ngati wodwala? Akutitu inu mwachiika pamodzi ndi kopelo, mukumati umboni ndi umenewu, mwana ankatha ndi maganizo. Ayi, Bambo. Ankachita kufuna. Munthu akamakonzekera mpikisano woonetsa minofu, amayamba wadya kwambiri miyezi ingapo kuti thupi likule, kenako amachepetsa chakudya kuti mafuta asungunuke, minofu ioneke umodzi umodzi. Kuchepetsako ndiye katingi. Mpeni mulibemo.

Ndinkamuphikira ndine. Mazira owiritsa, nkhuku yopanda khungu yopanda mafuta, masamba ongofutsa. Shuga anasiya, mchere ankachita kuwerenga timibulu. Ndikamadya zanga zokazinga ankatembenuza mpando kuyang'ana kukhoma, akuti ndine mfiti yoposa onse m'tauni muno. Mpikisanowo unali utatsala masabata atatu. Anali atalembetsa kale, nambala anamupatsa 17.

Anandivutitsa mwezi wathunthu kuti ndimusokere kakabudula kovala pa mpikisanopo. Bambo, kanthu kake kakang'ono ngati kansalu kominira. Ndinakana, ndinati ine ndine telala wa ulemu wanga, sindisoka zochititsa manyazi mtundu. Anagula yekha nsalu yabuluu yonyezimira n'kuisiya pa makina anga, m'mawa uliwonse n'kumandifunsa ngati yadzisoka yokha. Ndinagonja. Ndinamaliza Lachiwiri. Anakayesa pamwamba pa thalauza la kuntchito, n'kumayenda uku ndi uku m'chipinda atafufumitsa chifuwa, ine ndikugubuduka ndi phwete. Lachinayi ndiye tsiku lija.

Za tsikulo ndinafotokoza pa maliro, koma mwina simunamve bwino ndi phokoso la anthu. Ndibwereze. Kunali mvula ya m'mawa. Anakwera njinga yake kupita ku ntchito yake yopakira katundu, monga mwa masiku onse. Pa mphambano ya pafupi ndi msika pali dzenje limene likadzaza madzi silioneka. Mayi wogulitsa zipatso pamenepo anaona zonse, ndipo ndakhala naye pansi kawiri. Akuti tayala lakutsogolo linalowa m'dzenjemo, njinga inamutaya kumanja, lole inali itayamba kale kukhota. Akuti anayesa kudzikoka ndi manja kuti achoke. Anayesa, Bambo. M'chikwama chake munali mazira asanu ndi limodzi a masana, atawakulunga bwinobwino m'kansalu kuti asasweke.

Pali munthu wina amene ndikufuna mumudziwe. Ndi wometa, ali ndi kashopu pafupi ndi jimuyo, ndipo ndiye anali sipota wa mwana wanu. Sipota ndi mnzako amene amaima kumutu kwako ukagona pabenchi ndi chitsulo cholemera, manja ali chire pansi pa chitsulocho koma osachigwira. Ukamatha wekha amakusiya. Mikono ikakana, iye amachilandira chisanakugwere pachifuwa. Lamulo la a Kochi ndi lakuti palibe wofika pa feliya popanda sipota. Awiriwa anasinthana ntchito imeneyi zaka zitatu, kanayi pa sabata. Wometayu chichitikireni ngozi sanagonepo pabenchi. Amabwera, amakhala pakona, amapita.

Anandiperekeza pobwerera, ndipo m'njira anandiuza zina zimene ndalimbana nazo ngati ndilembe kapena ayi. Ndaona kuti ndikakubisirani, zina zonse ndalembazi mudzaziyesa zongokutonthozani. Choncho ndinena.

Mawu amene munamuuza pachipata tsiku lonyamuka, atakana kupitiriza sukulu n'kukananso kugwira nanu ntchito yomanga, sanawaiwale. Munati ndi wolephera, ndipo adzabwerako ndi manja okha. Ndikudziwa kuti ndi mawu amenewa akukudyani, osati Chingerezi cha bambo aang'ono. Wometa akuti tsiku loyamba a Kochi atakuwa kuti akankhe mpaka feliya, mwana wanu anafunsa tanthauzo lake. Atamuuza, anaseka n'kunena kuti kumeneko ndiye kwawo, bambo ake anamupatsa kale malo. Anzake anaseka nawo, koma wometa akuti anaona kuti maso sankaseka. Chaka choyamba chija, pamene sankakuimbirani, zinkamupweteka ndithu. Sindikunamizani.

Koma nkhani sinathere pamenepo. Amuna onse aja amakudziwani, Bambo. Ndisanatuluke m'jimu muja wina anandifunsa ngati n'zoona kuti bambo athu ankakwera makwerero ndi matumba awiri a simenti ali ndi zaka makumi asanu. Wina anafunsa ngati n'zoona kuti mumadziwa khoma lopendekeka ndi diso lokha, popanda levulo. Ndinati zonsezo n'zoona. Anati ankayesa kuti Njanji amawonjezera, poti sipankatha sabata osakutchulani. Akuti wina akatama msana wake, ankayankha kuti uwu ndi wobwereka, mwini wake ali kumudzi.

Wometa anandiuzanso kuti sipota aliyense amakhala ndi mawu amene amakuwa mnzake akatsala pang'ono kugonja. Ena amatukwanidwa, ena amatchulidwa dzina la chibwenzi. Mwana wanu anasankha yekha mawu ake. Anauza wometa kuti chitsulo chikaima pakati azikuwa kuti, “Dzutsa, mwana wa mmisiri!” Akuti akangomva choncho chinkakwera.

Tsopano ndifike pa changa, chimene sindinauze munthu, ngakhale Amayi. Ankafuna kuti mubwere ku mpikisano uja. Ankafuna mukhale kutsogolo mumuone. Koma ankaopa kukuuzani yekha, ankati mukakana pafoni sadzatha kukwera pa nsanja. Ndiye anandituma ine, poti amati mawu anga mumawamva. Anandiuza koyamba, ndinati ndiimba Lamulungu. Lamulungu linadutsa. Anandikumbutsa, ndinati ndikudikira tsiku limene mudzakhale osangalala. Kachitatu linali Lachitatu lija, ataima pakhomo nsapato zili m'manja. Anangoti, “Achemwali, mwawauza?” Ndinati mawa, mawa ndithu. Anagwedeza mutu n'kumwetulira.

Chilungamo chake n'chakuti inenso ndinkaopa. Ndinkaopa kuti mudzafunsa kuti mpikisano wa chiyani, ine n'kuyankha kuti woima pagulu ndi kakabudula, inu n'kunena mawu ena oposa oyamba aja, ndiye ine n'kukhala wonyamula mawuwo kupita nawo kwa iye. Ndinakuweruzani musanayankhe. Mwina mukanakana, mwina mukanakwera basi. Tsopano palibe adzadziwe, ndipo amene anakulandani mpata umenewo ndine. Mukamagawa milandu pa imfa ya mwana wanu, musadzitengere wonse. Wanga ndi umenewu, ndipo ukundilemera.

Mpikisanowo unachitika Loweruka lapitali, mu holo ya sukulu ina. Sindinkafuna kupita, koma a Kochi anatuma wometa kudzanditenga. Munali anthu odzaza, nyimbo, magetsi owala, amuna odzola mafuta mpaka kunyezimira ngati mipando yatsopano. Mukanaseka, Bambo, ndipo mwina mukanatukwana pang'ono. Koma mukanaonanso kuti ndi ntchito. Aliyense wa iwo anamanga thupi lake mzere ndi mzere, zaka.

Palibe anakumbuka kukafufutitsa dzina lake kwa okonza mpikisano. Atafika pa gulu lake, woulutsa anaitana nambala 15, munthu anatuluka. Anaitana 16, anatuluka. Kenako anaitana 17. Nsanja inakhala yopanda munthu. Anaitananso. Ine ndinagwira mpando ndi manja awiri. Ataitana kachitatu, wometa anaimirira pambali panga. A Kochi anaimirira ndi mwendo wawo uja. Kenako amuna onse a kujimu, mzere wathunthu, anaimirira. Woulutsa anayang'ana pepala, anayang'ana iwo, wina anamunong'oneza, ndipo anazimitsa nyimbo. Holo yonse inaimirira, anthu oti sanamuonepo n'kamodzi komwe. Ine ndekha ndinalephera kudzuka. Mpando wa kumanzere kwanga unali wopanda munthu, ndipo ndi pamenepo ndinadziwa kuti a Kochi anasunga mipando iwiri, chifukwa mwana wanu anawauza kalekale kuti bambo ake abwera.

Pempho langa ndi limodzi. Musawotche kope lija. Mulibe minyama, mulibe kutsanzika. Muli zaka zinayi za mwana wanu, tsiku ndi tsiku, ndi dzanja lake. Ngati kuliona kukukupwetekani, apatseni Amayi alisunge pansi pa sutikesi yawo. Ndikadzabwera pa tchuthi cha kumapeto kwa chaka tidzakhala pakhonde, ndidzakuwerengerani kuyambira tsamba loyamba, pamene ankalephera chitsulo chosaikako zolemera m'mbali, mpaka lomaliza. Pamene ndidzakakamire, wometa wati ndidzamuimbire.

Za kuno zina ndi zazing'ono. Madzi akuvuta, tikutunga kwa aneba a kuseri. Denga layamba kudontha cha kumapazi kwa bedi lake, ndipo eni nyumba akungolonjeza. Mnzanga wa kuntchito akufuna adzakhale nane kuti ndisamakhale ndekha, koma nsalu yogawa chipinda ija sindinaichotse, ndipo pansi pa bedi pali zitsulo zake ziwiri zimene sinditha kuzisuntha. Ndimangosesa mozungulira. Ndamuuza mnzangayo kuti adikire kaye.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mankhwala a chifuwa asadumphitse. Moni kwa mng'ono wanga, ndamuthokoza chifukwa cha zithunzi. Moni kwa azakhali ndi ana awo onse, kwa alamu, ndi kwa adzukulu anu. Bambo aang'ono muwapatse moni wapadera. Musawakalipire. Anamasulira mawu amene anaona, ndipo nawonso analira mwana yemweyu. Kalatayi akafuna awerenge.

Bondo likadzakulolani kufika pamene tinamugoneka, mukamuuze kuti uthenga wake ndafikitsa. Mochedwa, koma ndafikitsa.

Tsalani ndi mtendere, Bambo.

Ndine mwana wanu woyamba,
Telala wanu